Tidakaona dziko la Farao ngakhale abale ankatiletsa

Akonzi,

Ndiloleni malo patsamba lino kuti ndifotokozeko za ulendo wa ku Egypt womwe banja lathu lidayenda mu Febuluwale 2024. Masiku ano mabanja ambiri ali ndi mwana kapena m'bale kunja yemwe amalakalaka kutengako makolo kukaona maiko ena, ndipo nkhani yotere ikangoyamba pamabwera funso lakuti: kodi kumeneko n'kwabwinobwino? Ena akangomva dzina la dziko pawailesi limodzi ndi mawu akuti nkhondo, nkhani imathera pomwepo. Enanso amati imfa ili paliponse, n'kunyamuka osafufuza kanthu. Zomwe tidaona ife n'zakuti mantha ali ndi ntchito yake, bola munthu awafunse mafunso: choopsacho chili pati kwenikweni, chikugwera ndani, nanga ife tikadutsa kuti?

Ulendowu adauyambitsa ndi mlongo wanga yemwe ndi namwino ku Britain. Kwa zaka zitatu ankasunga kangachepe kuti amayi athu akamakwanitsa zaka 70 adzawachitire chinthu chosaiwalika. Atawafunsa chomwe angakonde, amayi sadatchule nsalu kapena malata. Adati kuyambira ali mtsikana akhala akumva kutchalitchi za Yosefe, za Mose ndi za mtsinje womwe adabisamo khanda pakati pa mabango, choncho akufuna akaone ndi maso awo dziko lomwe Baibulo lawo limati Aigupto. Mlongo wanga adapeza kampani yokonza maulendo apagulu, yomwe imakulandirani pabwalo la ndege n'kukupezerani kogona, basi, matikiti ndi munthu wokuperekezani, uja timangoti gaidi, mpaka tsiku lobwerera. Mu Seputembala 2023 tidalipira gawo loyamba la ndalama za anthu asanu ndi mmodzi: amayi, mlongo wanga, ine, mayi a kunyumba ndi ana athu awiri, mtsikana wazaka 14 ndi mnyamata wazaka 9.

Pasanathe mwezi, pa 7 Okutobala, nkhondo idabuka pakati pa Israel ndi gulu la Hamas ku Gaza. Gaza inachita malire ndi Egypt, ndipo tsiku ndi tsiku wailesi zinkatchula chipata cha Rafah chomwe chili pamalirepo. M'mawa mwake, pa 8, wapolisi wina mumzinda wa Alexandria adawombera n'kupha alendo awiri a ku Israel pamodzi ndi gaidi wawo. Kuno kumudzi nako zinthu zidatembenuka: mu Novembala kwacha idagwa ndi 44 peresenti, ndipo matikiti a ndege, omwe mtengo wake umatsata dola, adakwera moti ine ndi mayi a kunyumba tidaimitsa kaye zomanga mpanda.

Pa Khirisimasi amalume, omwe ndi mwinimbumba kwathu ku Dedza, adatiitanitsa. Sadazungulire. "Ana inu," adatero, "mlongo wangayu wakulakwirani chiyani kuti mukamutaye kuchipululu? Anthu akuthawa kumeneko, inu ndiye mukuthamangirako, ndi adzukulu omwe?"

Mawu a malume sangodumphidwa, komanso nkhawa yawo inali ndi maziko. Pa 17 Novembala 1997 zigawenga zidapha anthu 62, ambiri mwa iwo alendo akunja, pakachisi wa Hatshepsut ku Luxor. Pa 31 Okutobala 2015 ndege yonyamula alendo a ku Russia idaphulika mumlengalenga m'dera la Sinai, anthu onse 224 n'kuthera pomwepo. Mu Disembala 2018 bomba lotcheredwa m'mbali mwa msewu lidaphulitsa basi pafupi ndi mapiramidi a ku Giza n'kupha alendo atatu a ku Vietnam ndi gaidi wawo, ndipo mu Meyi 2019 lina lidavulaza alendo a ku South Africa kudera lomwelo. Onani kuti ziwiri zomalizazi zidagwera mabasi a alendo oyenda pagulu, ngati momwe ife timafuna kuyendera. Gaidi si chithumwa.

Koma akulu adati safunsa adadya phula. Tidapempha amalume kuti atipatse masabata awiri tifufuze. Mlongo wanga adatitumizira mapu omwe boma la Britain limasindikiza pochenjeza nzika zake. Mapuwa sajambula dziko lonse ndi mtundu umodzi. Kumpoto kwa Sinai, komwe kuli Rafah ndiponso komwe asilikali akhala akulimbana ndi zigawenga kwa zaka zambiri, kudali kofiira, kutanthauza kuti musapiteko. Madera ena a chipululu cha kumadzulo adali ndi chenjezo lakuti mupiteko pokhapokha pali chifukwa chachikulu. Koma Cairo, Luxor ndi Aswan, mizinda ya m'mbali mwa mtsinje wa Nile komwe ulendo wathu unkadutsa, idali yobiriwira. Tidayezanso mitunda. Dziko la Egypt n'lalikulu kuchulukitsa Malawi kasanu ndi katatu. Kuchoka ku Rafah kufika ku Cairo ndi makilomita oposa 300, ndipo kufika ku Luxor ndi oposa 600.

Titabwerera kwa amalume tidanyamula mfundo zinayi. Yoyamba, kampani idavomera polemba kuti mapu aja akangosintha tisananyamuke, itibwezera ndalama kapena kusuntha tsiku. Yachiwiri, tidagula inshuwalansi yolipira chipatala, makamaka chifukwa amayi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Yachitatu, tidalonjeza kuimba foni madzulo alionse. Yachinayi ndiyo idawawa: tidachotsa ulendo wa kuphiri la Sinai. Phirili lili kumwera kwa derali, komwe alendo amapitabe, ndipo ndi malo omwe amayi ankawafunitsitsa kuposa ena onse. Koma dzina lakuti Sinai palokha linkawasowetsa tulo amalume, ndipo tidaona kuti mtendere wapabanja nawonso uli ndi mtengo wake.

Womaliza kulankhula adali amayi eniake. "Achimwene," adatero, "ndamva nkhawa yanu ndipo ndathokoza. Koma zaka zanga ndi izi. Ndikati ndidikire kuti dziko lonse likhale pamtendere, ndidzadikirira kumanda." Amalume adakhala chete kanthawi, kenako adati, "Chabwino, koma foniyo isaphonye ngakhale tsiku limodzi."

Visa tidatenga ku ofesi ya kazembe wa Egypt ku Lilongwe. Tidanyamukira pabwalo la ndege la Kamuzu, kudzera ku Addis Ababa, n'kufika ku Cairo pakati pausiku, komwe tidapeza mlongo wanga atafika kale. Wotchi sitidasinthe, popeza m'miyezi imeneyi nthawi ya ku Egypt ndi yathu n'chimodzimodzi. Chomwe chidatidzidzimutsa n'kuzizira. Febuluwale kumeneko ndi nyengo yachisanu, ndipo m'mawa kumakhala ngati Juni wa ku Dedza.

Chitetezo tidachiona tisanagone n'komwe. Pachipata cha hotela basi idaima, dalaivala adazimitsa injini, galu wa apolisi n'kuizungulira akununkhiza. Zikwama zidadutsa m'makina ngati pabwalo la ndege. Zidali chonchi paliponse: pamapiramidi, pakachisi, pasiteshoni. Dzikoli lili ndi nthambi yapadera ya apolisi oyang'anira alendo ndi malo akale. M'mawa titakwera basi pamodzi ndi anzathu ena 12, ambiri a ku Britain, pampando wakutsogolo padakhala bambo wina wa suti yemwe sankalankhula ndi aliyense. Mnyamata wathu ndiye adandinong'oneza kuti, "Adadi, abambo aja ali ndi mfuti m'jekete." Kuona zimenezi kumakhazika mtima pansi, komanso kumakukumbutsa chifukwa chomwe mfutiyo yakwerera basi.

Pa rodibuloko iliyonse gaidi ankatchula chiwerengero chathu ndi maiko athu. Akafika pakuti asanu ndi mmodzi ndi a ku Malawi, apolisi ankasuzumira m'basi akumwetulira. Tidadzamva pambuyo pake kuti ku Egypt kuli tawuni yotchedwa Mallawi, m'chigawo cha Minya, ndiye ankadabwa kuti anthu a ku Mallawi ayamba liti kukwera basi ya alendo.

Cairo ndi madera ozungulira muli anthu oposa 20 miliyoni, pafupifupi chiwerengero cha Malawi yense. Mapiramidi sali kutali m'chipululu monga zithunzi zimaonetsera. Nyumba za mzindawu zimangothera pomwepo, mchenga n'kuyamba. Yaikulu kwambiri, ya mfumu Khufu, idamangidwa zaka pafupifupi 4,500 zapitazo ndi miyala pafupifupi 2.3 miliyoni, ndipo poyamba idali yotalika mamita 146. Mwala umodzi wam'munsi unkandifika pachifuwa. Amayi adafunsa ngati awa ndiwo adamangidwa ndi ana a Israyeli paukapolo. Gaidi wathu, mayi wophunzira bwino za mbiri yakale, adayankha mwaulemu kuti ayi. Mapiramidiwa ndi akale kwambiri kuposa nthawi yomwe akatswiri amaikapo nkhani ya Mose, ndipo pafupi pomwepo ofukula zakale adapeza mudzi wa omanga, malo awo ophikira buledi ndi manda awo, zomwe zikusonyeza kuti adali anthu a ku Egypt komweko omwe ankadyetsedwa ndi kuikidwa mwaulemu. Amayi adayang'ana m'mwamba kwa nthawi, kenako adati, "Ndiye kuti Mose naye ankangowayang'ana ngati ife."

Pamalo pomwepa tidaona ubwino woyamba wa gaidi. Ana ankafuna kukwera ngamila, ndipo iye adagwirizana ndi mwini ngamila mtengo wonse tisanayambe, wokwerera ndi wotsikira womwe. Chapafupi mlendo wina woyenda yekha adali pamwamba pa ngamila akukangana, mwiniwake akuti kutsika kuli ndi mtengo wake. Gaidi adatiphunzitsanso mawu awiri a Chiarabu, "la, shukran", kutanthauza kuti ayi, zikomo. Tidawanena kambirimbiri kwa ogulitsa malonda omwe amakuveka mpango pamutu n'kumati ndi mphatso, kenako n'kutambasula dzanja.

M'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya pabwalo la Tahrir, bwalo lomwe anthu adachitirapo zionetsero zomwe zidachotsa Hosni Mubarak mu 2011, tidaona chigoba chagolide cha nkhope ya mfumu Tutankhamun, cholemera makilogalamu oposa 10. Kwina, kudera la Fustat, kuli nyumba yatsopano komwe mu Epulo 2021 adasamutsirako mitembo youmikidwa 22 ya mafumu ndi mafumukazi. Mumalowa m'chipinda chamdima, osajambula, osasokosa. Ramesses II ali gone m'galasi, tsitsi likuonekabe. Anzathu achizungu ankawerama kuti aonetsetse, koma amayi adaima patali, manja pamodzi, monga achitira pasiwa. Potuluka adati kwathu mfumu ikagona saionetsa kwa odutsa. Gaidi adavomereza kuti ngakhale ku Egypt komweko alipo omwe amaganiza chimodzimodzi.

Tsiku lomwe amayi adalikonda kwambiri ndi lomwe tidapita kudera lakale la Akhristu a Chikoputiki, omwe ndi pafupifupi munthu mmodzi mwa khumi alionse m'dzikomo. Polowa pamakhala apolisi ambiri, chifukwa matchalitchi nawo adaukiridwapo. Pa Lamulungu la Kanjedza mu 2017 mabomba adapha anthu oposa 40 m'matchalitchi awiri ku Tanta ndi ku Alexandria. M'tchalitchi cha Abu Serga muli kachipinda kapansi komwe mwambo wa mpingowo umati Yosefe, Mariya ndi khanda Yesu adabisalamo pothawa Herode. Amayi adakhala pabenchi nthawi yaitali osalankhula. Masana ake tidalowa mumzikiti wa Al-Azhar, womwe watha zaka zoposa 1,000. Azimayi amayenera kufunda kumutu, koma amayi ndi duku lawo komanso chitenje adangodutsa osabwereka kanthu.

Pankhani ya chakudya tinkaopa kuti agogo a ana avutika kusowa nsima. Koma tsiku lachiwiri adatipatsa ndiwo yobiriwira yonanda yotchedwa molokhia. Amayi atalawa adaseka: "Ili ndi thelele la denje!" Ndipo lidalidi denje, kungoti amalithira adyo. Chakumwa chofiira chomwe amalandirira nacho alendo, karkade, ndi chidede chathu chomwe. Nsomba ya mu Nile yotchedwa bolti ndi ya mtundu wa chambo. Ana adakonda koshari, chakudya chotchipa chosakaniza mpunga, mphodza, makaroni, tchana, tomato ndi anyezi wokazinga. Buledi wawo wathyathyathya amamutcha aish, mawu omwe amatanthauzanso moyo, monga momwe kwa ife munthu yemwe sadadye nsima amati wagona ndi njala.

Mukandifunsa chomwe chidatiopsa zenizeni ku Cairo, ndinena kuti kuwoloka msewu. Magalimoto saima, hutala sizileka, ndipo mizere yamumsewu ili ngati zokongoletsera chabe. Gaidi ankatiwolotsa ngati anapiye, iye patsogolo dzanja lili m'mwamba, amayi pakati.

Kuchoka ku Cairo tidakwera sitima yapamtunda yogonamo, usiku wonse kulowera kumwera mpaka ku Aswan. Kutacha tidaona pawindo chinthu chomwe sichichoka m'maso mwanga. M'mbali mwa mtsinje muli kamzere kobiriwira ka minda ya tirigu, nzimbe ndi kanjedza, ndipo kamzereko kakangotha pamayamba chipululu, popanda ngakhale kaudzu. Anthu a dzikoli ndi oposa 100 miliyoni, ndipo pafupifupi 95 mwa 100 alionse amakhala m'kamzere kameneka ndi kumathiriro a mtsinjewu. Kumwerako mvula imatha chaka osagwa, koma ngalande zili paliponse. Madzulo ake poimba foni, amalume adatiuza kuti kumudzi ng'amba yavuta ndipo chimanga chikufota. Ndi chaka chomwe chija boma lidalengeza mu Malichi kuti maboma 23 ali pangozi ya njala. Amayi, omwe akhala akulima moyo wawo wonse, adangoti, "Awa alibe mvula koma akukolola. Ife tili ndi nyanja." Palibe adayankha.

Aswan ndi mzinda wodekha, wa maboti a matanga ndi miyala ikuluikulu mumtsinje. Kuno kuli damu lalikulu lomwe lidatha kumangidwa mu 1970, ndipo kuseri kwake kuli nyanja ya Nasser yomwe idamiza midzi ya anthu a mtundu wa Nubia, masauzande ambiri n'kusamutsidwa. Anubia ndi akuda ngati ife, ndipo pamsika ankatiyamba m'chilankhulo chawo poganiza kuti ndife akwawo. Ku Aswan tidakumananso ndi nkhondo ina yomwe pamsonkhano wa ku Dedza sitidaitchule n'komwe. Kuyambira mu Epulo 2023 ku Sudan kuli nkhondo, ndipo mabanja ambiri othawa adalowera mumzindawu. Tidawaona pasiteshoni ndi akatundu awo. Ife tidali pamenepo kudzasangalala, iwo kudzapulumutsa moyo, ndipo mtsikana wathu adafunsa mafunso omwe adandivuta kuyankha.

Ulendo wa ku Abu Simbel, makilomita pafupifupi 280 kumwera kwa Aswan kufupi ndi malire a Sudan, umayamba cha m'ma 4 koloko m'bandakucha. Amayi, mayi a kunyumba ndi mnyamata adatsala kuti apume. Msewu umadutsa m'chipululu chokhachokha, marodibuloko apo ndi apo. Pofika mumaona ziboliboli zinayi za Ramesses II, chilichonse chotalika mamita pafupifupi 20, zosemedwa paphiri. Chodabwitsa n'chakuti apa si pomwe zidali poyamba. Pakati pa 1964 ndi 1968, madzi a damu asanazimize, bungwe la UNESCO ndi maiko ambiri adacheka kachisi yense m'zidutswa n'kukamumanganso pamalo okwera mamita 65.

Kuchoka ku Aswan tidayenda masiku atatu pasitima yapamadzi kutsika ndi mtsinje. Apa amayi adapeza chomwe adadzera. Ankakhala padenga la sitimayo atafunda shawelo, akuyang'ana mabango, asodzi, abulu ndi ana osewera m'mbali. Pa Kom Ombo tidaona kachisi wa mulungu wawo wakale wa mutu wa ng'ona, ndi ng'ona zoumikidwa. Masiku ano ng'ona zamoyo zili kuseri kwa damu. Pa Esna, pomwe sitima zimadikira kuti zitsitsidwe pachipata cha madzi, anyamata a timaboti adamangirira kusitima yathu n'kumaponya nsalu zapatebulo m'mwamba kuti tigule. Ukakana umaponyanso pansi, ukafuna umaika ndalama m'kajumbo. Mayi a kunyumba, omwe ndi katswiri wonenerera ku Tsoka, adapeza anzawo.

Ku Luxor tidayenda pakati pa nsanamira 134 za kachisi wa Karnak, zina zonenepa moti tonse asanu ndi mmodzi titagwirana manja sitidathe kuizungulira imodzi. Tidatsikira m'manda a m'Chigwa cha Mafumu, momwe utoto wa pakhoma ukuwalabe, kuphatikizapo dera lomwe Howard Carter adapeza manda a Tutankhamun mu 1922. Kenako basi idaima pakachisi wa Hatshepsut, mfumukazi yomwe idalamulira ngati Farao. Ndi malo okongola, a masitepe atatu pansi pa thanthwe lalitali. Ndi malo omwe aja a 1997. Gaidi sadaitchule nkhaniyi mpaka ine nditamufunsa pambali. Adati ambiri safuna kuimva ali patchuthi, koma adandiuza kuti anthu a ku Luxor ndiwo adakwiya kwambiri ndi chiwembucho, chifukwa pambuyo pake mahotela adakhala opanda anthu ndipo mabanja ambiri adasowa pogwira. Ndidayang'ana amayi akukwera pang'onopang'ono atagwira dzanja la mdzukulu wawo, apolisi a mfuti ali chapatali, ndipo mawu a amalume adandibwerera. Sindinganame kuti mtima udali m'malo nthawi yonse yomwe tidali pamenepo.

Ziwerengero zikuchitira umboni zomwe gaidi adanena. Mu 2010 dzikoli lidalandira alendo 14.7 miliyoni. Pambuyo pa zipolowe za 2011 ndi ngozi ya ndege ija, mu 2016 adatsika kufika pa 5.4 miliyoni. Zidatenga mpaka 2023 kuti afikenso pa 14.9 miliyoni. Kuseri kwa ziwerengerozi kuli wopalasa boti, woyendetsa ngolo ya hatchi ndi mayi wochapa zofunda kuhotela. N'chifukwa chake boma limaika apolisi ochuluka chotere, ndipo n'chifukwa chakenso ogulitsa malonda amakakamira mlendo ngati nkhupakupa.

Tsono ndinene mosabisa zomwe ulendo wapagulu umapereka ndi zomwe umalanda. Umapereka munthu wodziwa chilankhulo, njira ndi malamulo a apolisi. Mnyamata wathu atatsekula m'mimba tsiku lina, gaidi adatifikitsa kogula mankhwala m'mphindi zochepa. Umathandizanso pankhani ya ndalama zakunja: malo ambiri akale kumeneko adaleka kulandira ndalama yapamanja pachipata, amafuna khadi ya kubanki, ndipo Mmalawi aliyense akudziwa mmene makhadi athu amavutira kunja. Ife matikiti onse adali olipiriratu. Koma walira mvula walira matope. Nthawi si yanu. Pomwe amayi ankafuna kukhala ola lathunthu ankapatsidwa mphindi 20. Tidatengedwa kumashopu a mafuta onunkhira ndi a ziboliboli omwe sitidapemphe, komwe mitengo ndi ya alendo. Kangachepe komwe amati bakshish kamafunika paliponse, ngakhale pakhomo la chimbudzi. Ndipo dziko mumalionera pawindo la basi. Anthu wamba omwe tidacheza nawo mokwanira sakwana khumi.

Usiku womaliza pasitima, mayi wina wachikulire wa ku Britain adatiuza kuti mu 2023 adafuna kubwera kunyanja ya Malawi koma adasintha maganizo atamva za kolera ndi namondwe wa Freddy. Sindikanamutsutsa, popeza kolerayo idaphadi anthu oposa 1,500 ndipo namondweyo adasakaza kwambiri chigawo cha kumwera. Koma ndidamufotokozera kuti Freddy sadagwetse Nkhata Bay kapena Nyika, ndipo kolera ili ndi njira zodzitetezera. Iye ankaona Malawi monga momwe amalume ankaonera Egypt: dzina limodzi, tsoka limodzi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nafenso tili ndi opalasa maboti ku Cape Maclear ndi osema ziboliboli ku Senga Bay omwe amagona ndi njala dziko lathu likatchuka ndi zoipa zokhazokha.

Sindikunena kuti popeza ife tidabwerako bwino ndiye kuti kulibe choopsa. Alendo a ku Vietnam aja nawonso adali ndi gaidi. Ndipo zinthu m'chigawo chimenechi zimasintha msanga, moti mapu omwe tidaona ife sangakhale umboni wa ulendo wanu. Chomwe ndikunena n'chakuti banja likhale pansi ndi mfundo osati mphekesera. Onani machenjezo atsopano a maboma oposa limodzi, ndipo muwaonenso sabata yonyamukira. Yezani mtunda pakati pa pomwe pali vuto ndi pomwe mukupita. Funsani kampani ngati gaidi wake ali ndi chiphaso cha boma, ndipo zobweza ndalama zikhale zolembedwa. Okalamba muwagulire inshuwalansi ndi kuwanyamulira mankhwala okwanira. Pitani m'miyezi yozizira, chifukwa pakati pa chaka kutentha ku Luxor ndi ku Aswan kumapitirira madigiri 40. Imwani madzi a m'botolo okha. Khalani okonzeka kuchotsa malo ena, ngakhale omwe mumawafunitsitsa.

Ndipo wam'banja yemwe akukana musamuone ngati wotsalira. Mafunso a amalume ndiwo adatipangitsa kupeza inshuwalansi ndi kalata yobwezera ndalama, zomwe mwina tikadazinyalanyaza. Komanso wokalamba yemwe ulendowo ndi wake apatsidwe mpata wolankhula yekha, popeza iye ndiye akudziwa zaka zomwe wadikira. Amayi kuphiri la Sinai sadafikeko, ndipo mpaka lero amalitchulabe. Koma Nile adamuona, adasambamo m'manja, ndipo anzawo akutchalitchi akamafika pankhani ya Mose amayamba awafunsa kaye iwo kuti mabangowo ndi otani.

Wowerenga wanu,
Lilongwe